Musanagule droni ya bizinesi, ganizirani za mabatire

Ngati mukufuna droni yojambulira minda kapena yoyezera malo, musakopeke ndi kamera yokha, koma fufuzani ngati kampani yoipanga ikhalitse pamsika. GoPro inasiya kupanga droni yake ya Karma mu 2018, ndipo Skydio inaleka kugulitsa madroni kwa anthu wamba mu 2023. Kampani ikatero, mabatire ndi mapiko amayamba kusowa, chonsecho batire ndi limene limafooka msanga, mwinanso kufufuma kumene. Zipangizo za DJI, kampani yopanga madroni ya ku Shenzhen ku China, zimapezeka mosavuta, komabe boma la America linaiikira ziletso pa zamalonda mu 2020, motero ngati mumagwira ntchito za mabungwe a kumeneko, yambani mwawafunsa ngati amailola. Mabatire apadera muwagulire limodzi ndi droniyo.