Mmene Mungaphunzitsire Uinjiniya wa Milatho Pogwiritsa Ntchito Magalasi a VR

Sukulu zambiri za ku Mufakose, Mabvuku kapena Highfield, madera a mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, sizingakwanitse kutengera kalasi yonse ku mtsinje wa Save kukaona mlatho wa Birchenough. Magalasi a VR, amene amachititsa wovala kuona ngati waima pamalopo, angathandize, bola mphunzitsi ayambe ndi funso asanatulutse zipangizo.

Auzeni ophunzira kuti mlathowu unamalizidwa mu 1935, ndipo uta wake wachitsulo ndi wotalika mamita 329 kuchokera tsidya lina kufika tsidya linalo, popanda chipilala chilichonse pakati pa mtsinje. Kenako afunseni kuti kulemera kwa lole imene ikuwoloka kumapita kuti, ndipo aliyense ajambule yankho lake papepala.

Simukufunika magalasi okwera mtengo ngati a Meta Quest. Amtundu wa Google Cardboard, amene anatuluka mu 2014, ndi katoni chabe yokhala ndi timagalasi tiwiri komanso malo oikapo foni, koma foniyo iyenera kukhala ndi gyroscope, kachipangizo kamene kamazindikira foni ikamatembenuzidwa, apo ayi chithunzi sichitsatira mutu ukamatembenuka. Fufuzani kanema wa madigiri 360 (woonetsa mbali zonse mozungulira) wa mlatho wa uta. Wa mlatho wa Sydney Harbour Bridge wa ku Australia ndi woyenera kwambiri, chifukwa Ralph Freeman, amene anakonza mapulani a Birchenough, anagwiranso ntchito pa mapulani a mlatho umenewu. Sungani kanemayo mufoni ndipo muitchaje dzulo lake, popeza magetsi ndi intaneti muno mu Harare sizodalirika.

Ophunzira akhale awiriawiri. Wovala magalasi akhale pampando ndipo asapitirire mphindi 10, chifukwa ena amamva chizungulire kapena mseru. Mnzakeyo azimufunsa mafunso n'kumalemba zimene akunena. Apa m'pofunika kudekha: muuzeni wovalayo ayang'ane m'mwamba, atsatire ndi maso zitsulo zimene msewu wapachikidwapo mpaka pamene zalumikizana ndi uta, kenako atsike ndi utawo mpaka pa maziko a m'mphepete mwa madzi. Akatero amazindikira yekha kuti zitsulo zopachikazo zimakokeka, pamene uta umapanikizika n'kukankha maziko, mfundo imene ambiri amangoiloweza akaiona pa bolodi.

Pukutani magalasiwo wina asanavale. Onse akamaliza, abwerere ku zojambula zawo zija n'kuzikonza, kenako gulu lililonse limange kamlatho ka makatoni ndi ulusi, likoloweke botolo pakati pake, n'kumathiramo mchenga pang'onopang'ono mpaka litaona mbali imene yayamba kupindika.