Kuuma kwa mankhwala ndi kumene kumapanga kapena kuononga chipangizo

Inu achinyamata a sayansi kuno ku Chipata amene mukulota zokalowa mu lab, tamverani kuno. Sikirini ya OLED mumaiona pa mafoni odula ija, kuwala kwake kumachokera ku mankhwala a kaboni, ndipo a Heeger, a MacDiarmid ndi a Shirakawa analandira Nobel mu 2000 atapeza kuti pulasitiki ina imatha kudutsitsa malaiti.

Popanga zipangizo ndi mankhwala a kaboni otere, timawasungunula nkupaka kuti aume, ndipo pomwe pavuta ndi pouma. Mukasungunula TIPS-pentacene, amodzi mwa mankhwala a kaboni odutsitsa malaiti, nkupaka pagalasi, ikamauma imapanga makristo (timiyala ngati ta mchere), ena ataliatali ngati singano ena timphumphu, awa aloza uku awa uko, ndiye malaiti akafika pamalire a makristo awiri amakakamira, transistor (kaswichi kakang'ono ka malaiti) iyi ikugwira bwino inzake pagalasi lomwelo yafooka. Nsima ya mibulu basi, ufa wathiridwa kamodzi osavundula.

Ndiye timathiramo zina. Ena amasakaniza ndi pulasitiki yotchedwa polystyrene kuti zifalikire mofanana. Ena amaika DMDBS pang'ono kwambiri, mankhwala omwe aja amathandiza kuti makontena a pulasitiki azioneka mkati, iyo imakhala ngati mbewu yofesedwa bwino pa nazale ya fodya, makristo amamera paliponse nthawi imodzi ndipo palibe lokula mopondereza anzake. Ku ma sola opangidwa ndi mankhwala a kaboni kuli mankhwala amadzimadzi othiramo otchedwa DIO, ambiri amaika pafupifupi 3 pa 100 alionse, imachedwa kuuluka ndiye zinthu zimapeza mpata wokhazikika. Koma apa ndimalimbikira kwambiri, DIO ikatsalira mkati dzuwa likamawomba imaononga sola yomweyo, muichotse ndi vacuum (makina okoka mpweya) kapena kutsuka ndi methanol. Ndipo chlorobenzene, amene timasungunulira mankhwalawa, musamununkhize ayi, magolovesi m'manja ndipo muzigwirira mu fume hood, kabati yokoka mpweya woipa.

Musasinthe zinthu ziwiri nthawi imodzi. Monga pamunda wachionetsero timasiya mzere umodzi wopanda feteleza, inunso siyani galasi limodzi losathira kanthu, apo ayi simudzadziwa chomwe chathandiza, mlingo uliwonse lembani m'buku.

Poyambira simufuna lab. Sungunulani mchere wambiri m'madzi, thirani pa mbale ziwiri zakuda, ina padzuwa la Okutobala ina kuseri kwa kabati. Ya padzuwa ituluka timchere tosalala ngati ufa, ya mumthunzi idikireni masiku angapo muona timabokosi tangodya zinayi tooneka ndi maso. Kenako bwerezani, mbale imodzi mudonthezeremo kamadzi ka sopo muyerekeze.