Momwe mungamalizire msanga ngongole ya nyumba powonjezera ndalama zobweza mwezi ndi mwezi

Ngongole ya nyumba imene ndinasainira kuti ndibweze kwa zaka 15 ndinaimaliza zaka 9 zisanakwane, ndipo sikuti malipiro anga anakwera modabwitsa kapena kuti ndinalandira chuma chamasiye. Chimene ndinachita ndi kuwonjezera kandalama pamwamba pa zimene banki inkadula, koma ndinataya miyezi 8 yoyambirira chifukwa chosadziwa njira yoyenera yoperekera ndalama yowonjezerayo. Ndalemba izi kuti amene ali ndi ngongole yotere asadutse momwe ndinadutsa ine.

Choyamba, pitani kubanki mukapemphe ndandanda wa kabwezedwe ka ngongole yanu, umene umaonetsa mwezi uliwonse kuti pa ndalama imene mwapereka, ingati yapita ku chiwongoladzanja ndipo ingati yachepetsa thunthu la ngongole, limene a kubanki amalitcha principal. Anthu ambiri pepala limeneli saliwerenga, ndipo inenso ndinaliwerenga mochedwa. Manambala amene ndigwiritse ntchito pano ali pafupi ndi anga, kungoti ndawasalaza kuti awerengeke mosavuta, ndipo chiwongoladzanja ndachiika pa 25 peresenti pachaka ngakhale kuti chimakwera ndi kutsika. Munthu amene wakongola K20,000,000 kwa zaka 15 amabweza pafupifupi K427,000 pamwezi. Mwezi woyamba, pa ndalama imeneyi K416,700 ndi chiwongoladzanja, ndipo imene imakhudza thunthu la ngongole ndi K10,400 yokha. Akapitiriza motero mpaka kumapeto, adzakhala atapereka ndalama zoyandikira K77,000,000 pa nyumba imene anakongolera K20,000,000.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Popeza mwezi woyambawo thunthu likuchepa ndi K10,400 yokha, K50,000 yowonjezera ikugwira ntchito imene ikanatenga miyezi yoposa inayi. Munthu yemweyo akamapereka K477,000 m'malo mwa K427,000, amamaliza pa zaka 8 ndi miyezi 4 kapena 5, ndipo zonse zimene wapereka zimakwana pafupifupi K48,000,000, kutanthauza kuti K29,000,000 yatsala m'thumba mwake. Ngakhale K20,000 yokha pamwezi imafupikitsa ngongoleyo kufika pa zaka zosakwana 11. Ndalama yowonjezera imagwira ntchito kwambiri m'zaka zoyambirira, pamene thunthu lidakali lalikulu, choncho amene akudikira kuti adzayamba zinthu zikadzayamba kuyenda bwino akutaya nthawi imene ili ya phindu kuposa ina yonse.

Chachiwiri, werengani kalata ya mgwirizano imene munasaina, makamaka ndime yonena za kubweza nthawi isanakwane. Migwirizano ina imalola kuwonjezera popanda chindapusa, ina imafuna kuti muidziwitse banki pasadakhale, ndipo ina imaika kandalama kachilango munthu akafuna kutseka ngongole yonse nthawi imodzi. Ngati ndimeyo simukuimvetsa, funsani amene amayang'anira ngongole panthambi yanu, ndipo muwapemphe kuti yankho alilembe. Pamenepo muonenso kuti chiwongoladzanja chanu chamangidwa pa chiyani. Ngongole zambiri kuno zimatsatira reference rate, chiwongoladzanja chimene mabanki amayambirapo powerengera ngongole, imene imasuntha Reserve Bank of Malawi ikasintha chiwongoladzanja chake chotsogolera mabanki, chotchedwa policy rate. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo policy rate itafika pa 26 peresenti mu 2024, ambiri tinaona ndalama yodulidwa pamwezi ikukwera, koma amene anali atachepetsa kale thunthu sanapwetekedwe mofanana ndi anzawo.

Musanawonjezere ngakhale tambala ku ngongole ya nyumba, thanani kaye ndi ngongole zina zimene zili ndi chiwongoladzanja chokwera kuposa iyo. Ya katapila ndiyo yoyamba, kenako ya banki m'khonde, imene m'magulu ambiri imawerengedwa pamwezi osati pachaka, kenako tingongole ta pafoni ndi ta pamalipiro. Palibe nzeru kuthira K50,000 pa ngongole ya 25 peresenti pachaka pamene kwina mukulipira 20 peresenti pamwezi. Komanso sungani padera ndalama yokwanira kubweza ngongole ya nyumba kwa miyezi iwiri kapena itatu, chifukwa ndalama imene yalowa ku thunthu sibwerera, ndipo matenda kapena maliro akagwa mulibe chogwira, mudzathamangira kwa akatapila omwewo.

Tsopano ndifike pamene ndinalakwitsa. Nditawerengera manambala aja, ndinayamba kusiya K50,000 yapadera mwezi uliwonse mu akaunti imene banki inkadulamo ngongole, poganiza kuti ndalama iliyonse imene yapezeka mmenemo ikupita ku ngongoleyo. Ine ndi akazi anga tinadzimana ndithu, nyama tinkaidya Lamlungu lokha, ndipo ulendo wa kumudzi wa pa Isitala tinausiya. Patatha miyezi 8 ndinapita kukatenga sitetimenti ya ngongole, mumtima ndikuyembekezera kuona kuti thunthu latsika ndi ndalama yoyandikira K500,000. Ndinakhala pa benchi ya m'banki ndikutsata manambala ndi chala mzere ndi mzere, ndipo thunthu linali litatsika ndi K90,000 yokha, ndendende monga mwa ndandanda wakale uja. K400,000 yanga inali phee mu akaunti ya malipiro, osakhudza ngongole ngakhale pang'ono.

Mayi amene anandithandiza pa desiki ya ngongole anandifotokozera modekha. Anati, "Bambo, kompyuta imangotenga ndalama imene munagwirizana nafe, siidziwa kuti yotsalayo mwaisiyira chiyani. Mukafuna kuti ipite ku principal, mutilembere kalata." Chiwongoladzanja chimene ndinalipira pachabe m'miyezi imeneyo chinali pafupifupi K30,000, koma chimene chinandiwawa kwambiri ndi chakuti palibe amene anandiuza izi tsiku limene ndinkasaina, ndipo ndikanapanda kukatenga sitetimenti ndikanapitiriza chaka chonse.

Kalata ndinalemba tsiku lomwelo, koma nkhani sinathere pomwepo. Mwezi wotsatira ndinaona kuti banki sinadule ngongole konse. Nditafunsa, ndinauzidwa kuti ndalama ija inalembedwa ngati yolipiriratu mwezi wa kutsogolo, ndiye kuti m'malo mochepetsa thunthu inangokhala ikudikira tsiku lodula. Vuto linali m'mawu a kalata yanga, chifukwa ndinangolemba kuti ndalamayo ipite ku ngongole, osanena kuti ikachite chiyani kumeneko. Zinatenga maulendo atatu ndi kalata yachiwiri kuti zikonzedwe.

Choncho kalata yanu inene zinthu izi mosabisa. Ikhale ndi nambala ya akaunti ya ngongole, osati ya malipiro, itchule kuchuluka kwa ndalama yowonjezera, ndipo inene kuti ndalamayo ichotsedwe pa principal tsiku lomwe yalandiridwa, isasungidwe ngati yolipiriratu miyezi ya kutsogolo. Inenenso kuti mukufuna kuti ndalama yodulidwa pamwezi ikhale momwe ilili ndipo chimene chifupike ndi nthawi yobwezera. Mfundo yomalizayi ndi yofunika kwambiri, chifukwa munthu akapereka ndalama yochuluka nthawi imodzi, banki ikhoza kumuwerengeranso ngongole kuti azilipira zochepa pamwezi koma zaka zikhale zomwezo. Zimamveka zokoma, makamaka mu Januwale, koma zimabweza m'mbuyo phindu lalikulu la zimene mwachita. Pitani ndi makope awiri a kalatayo, imodzi aidinde n'kukubwezerani, ndipo muisunge pamodzi ndi kalata ya mgwirizano. Mukatero pemphani standing order (lamulo loti banki izitumiza yokha ndalama mwezi uliwonse) yopita ku akaunti ya ngongole, yoti izichoka tsiku lotsatira malipiro akalowa, ndalamayo isanayambe kuoneka ngati yopuma. Funsani mtengo wa standing order imeneyo, chifukwa mabanki amalipiritsa, ndipo ngati mtengowo ndi wokwera poyerekeza ndi ndalama imene mukuwonjezera, ndi bwino kusonkhanitsa ya miyezi itatu n'kuipereka pamodzi.

Pakatha mwezi umodzi, tenganinso sitetimenti ya ngongole ndipo muiyerekeze ndi ndandanda wakale. Ngati thunthu latsika kuposa mmene ndandandawo ukunenera, ndi kusiyana kofanana ndi ndalama imene munawonjezera, zinthu zili bwino. Ine kuchokera pamenepo ndinkatenga sitetimenti miyezi itatu iliyonse, ndipo ndinali ndi kope limene ndinkalembamo thunthu lotsala. Mabanki ena amalipiritsa sitetimenti yosindikiza, choncho funsani ngati angakutumizireni pa imelo.

Ndichenjezepo za anthu amene amazungulira m'maofesi ndi pa WhatsApp kunena kuti angakuthandizeni kusamutsira ngongole ku banki ina ya chiwongoladzanja chotsika, kapena kuti ali ndi munthu wawo mkati amene angafafanize mbali ya ngongole, bola muwapatse kaye kangachepe. Mnzanga wina wa kuntchito anapereka ndalama kwa munthu wotere ndipo foni ya munthuyo sinapezekenso. Kusamutsa ngongole n'kotheka, koma mumakambirana nokha ndi banki, ndipo muwerengere mtengo wa loya, wa woyesa mtengo wa nyumba ndi wa kulembetsanso chikole, chifukwa nthawi zina zimenezi zimadya phindu lonse la kusamukako. Ndipo musakongole kwina kuti muwonjezere ku ngongole ya nyumba, pokhapokha ngati mwaona ndi maso anu papepala kuti chiwongoladzanja chake ndi chotsika.

Funso lotsala ndi lakuti K50,000 imeneyo ichokera kuti. Khalani pansi ndi akunyumba kwanu, chifukwa bajeti imene wapanga munthu mmodzi mwamseri imasweka sabata yachiwiri. Kwa mwezi wathunthu lembani ndalama iliyonse imene yatuluka, kuphatikizapo ya pa Airtel Money ndi Mpamba, imene imatuluka pang'onopang'ono osaoneka. Kwathu tinapeza kuti mabando a intaneti, chakudya chamasana chogula kutauni ndi mitengo yotapira ndalama kwa maejenti zinkadya ndalama yoposa theka la imene tinkafuna. Ndinayamba kunyamula chakudya kuchokera kunyumba, ndipo ndalama tinkatapa kamodzi pa sabata m'malo motapa tsiku ndi tsiku. Chimanga tinkagula cha chaka chonse nthawi yokolola, cha m'ma Meyi ndi Juni, n'kuchithira mankhwala, m'malo mogula thumba limodzilimodzi mu Januwale ndi Febuluwale mtengo utakwera. Mankhwala a chimangawo mugule m'sitolo zodziwika, chifukwa a m'mapepala osalembedwa amene amagulitsidwa m'misika ena ndi achinyengo, ndipo anankafumbwe akalowa mwaluza zonse.

Gawo lovuta ndi la achibale, zikwati, zinkhoswe ndi maliro, ndipo sindingauze munthu kuti asiye kuthandiza kwawo. Chimene chinatithandiza ndi kuika ndalama yodziwika pamwezi ya zimenezi, ndipo ikatha tinkanena zoona kuti mwezi uno tilibe. Pa maliro sitinkawerengera, koma pa perekaniperekani wa zikwati tinaphunzira kupita ndi envulopu imene takonzeratu kunyumba. Fizi ya ana tinkaigawa pa miyezi ya teremu n'kumaisunga padera, kuti mwezi wotsegulira sukulu usatidyere ndalama yowonjezera ija.

Ndalama zobwera mwa apo ndi apo ndi zimene zinatifupikitsira zaka kwambiri. Bonasi ya kumapeto kwa chaka, ma alawansi a ulendo wa kuntchito ndi ndalama ya chipereganyu ikafika nthawi yathu, theka lake linkapita ku thunthu ndi kalata yonga ija. Malipiro akakwezedwa, theka la zokwerazo tinkaliwonjezera pa standing order tisanazolowere kulidya. Chaka chachinayi tinamaliza kanyumba ka kuseri n'kuikamo munthu wa lendi, ndipo lendi yonse inkapita komweko. Ena amanena kuti popeza mitengo ya zinthu ikukwera, ngongole imadzichepera yokha ndipo palibe chifukwa chothamangira. Zimenezo zimathandiza munthu amene malipiro ake amakwera mofanana ndi mitengo, ndipo anga sankatero, pamene akaunti yosungira ndalama inkandipatsa chiwongoladzanja chochepa kwambiri poyerekeza ndi chimene ndinkalipira.

Inshuwaransi ya nyumba ndi ya moyo zimene zimayenda ndi ngongole musazisiye pofuna kupeza ndalama yowonjezera, ndipo ground rent (lendi ya malo) ndi misonkho ya khonsolo muzilipira nthawi yake. Thunthu likatsala pang'ono, pemphani banki ikulembereni ndalama yeniyeni yotsekera ngongole pa tsiku limene mwasankha, chifukwa chiwongoladzanja chimawerengedwa mpaka tsiku limenelo. Mukalipira, tengani kalata yotsimikiza kuti ngongole yatha, imitsani standing order, ndipo mutsatire kuti chikole cha banki chichotsedwe pa mapepala a malo ku ofesi ya Lands. Pamenepa pali ndalama ya loya ndi ya kalembera, choncho isungirenitu. Title deed yanga, chikalata cha umwini wa malo, ndinailandira patatha miyezi ingapo nditamaliza kulipira, ndipo ndinkaimbira foni sabata iliyonse mpaka inatuluka.