Momwe mungadziwire wodwala amene angagwe pamene akuphunziranso kuyenda

Wodwala amene amagwa kawirikawiri si wogonera pabedi uja. Ndi amene wayamba kupeza bwino: sitiroko yamusiya mwendo umodzi uli wofooka, koma mumtima akudziona kuti kuchimbudzi atha kupita yekha. Choncho muyeseni tsiku lomwe wafika m'chipatala.

Yambani ndi kufunsa kuti, "Kodi mwagwapo m'miyezi itatu yapitayi?" Ambiri amakana, poti kwa iwo kuterereka pabedi n'kukhala pansi si kugwa ayi. Funsaninso amene akumudwazika. Amene anagwapo sachedwa kugwanso, n'chifukwa chake pa fomu yoyezera chiopsezo cha kugwa yotchedwa Morse Fall Scale funso ili lokha limatenga mapointi 25. Fomuyi imaonanso matenda ena amene ali nawo, chimene amayendera, ngati ali ndi dripi, kayendedwe kake, ndiponso ngati amadziwa pamene mphamvu zake zalekezera. Akafika mapointi 45, chiopsezo n'chachikulu.

Kenako onani mankhwala ake. Ogonetsa tulo monga diazepam amalemeretsa miyendo, otsitsa BP amabweretsa chizungulire, ndipo okodzetsa monga furosemide amamuthamangitsira kuchimbudzi pafupipafupi. Musamusiyitse nokha, kambiranani ndi dokotala.

BP muyeze atagona kwa mphindi 5, muyezenso ataimirira mphindi imodzi, kenako pa mphindi 3. Nambala yapamwamba ikatsika ndi 20 kapena yapansi ndi 10, ameneyo azikhala kaye m'mphepete mwa bedi asanaimirire.

Tsopano muyendetseni. Akhale pampando wokhala ndi pogwira, adzuke, ayende mamita 3, atembenuke, abwerere n'kukhalanso. Kuyesa kumeneku kumatchedwa Timed Up and Go, ndipo akatenga masekondi 12 kapena kuposa, angathe kugwa. Koma maso anu asakhale pawotchi pokha. Kodi akudzuka kamodzi, kapena akuyamba wagwedezeka kawiri katatu? Phazi akulinyamula kapena akulikwakwaza? Potembenuka ndi pamene zambiri zimaonekera: wina amapingasa miyendo, wina dzanja limayamba kufufuza khoma. Ena odwala sitiroko salabadira mbali imodzi ya thupi, makamaka yakumanzere, moti amagunda chitseko ngati sanachione. Muziima pafupi, kumbali yofookayo.

Zotsala ndi zapafupi: magalasi a maso, nsapato zogwira chidendene m'malo mwa mapatapata, mabuleki a wilitcheya, bedi lotsika, pansi pouma, nyali ya usiku, labala wa kunsi kwa ndodo ngati sanaperepeseke.

Zimene mwapeza zilembeni ndipo muuze anzanu osinthana nawo ntchito, makamaka a usiku. Muyeseninso mankhwala akasintha, akasamutsidwa chipinda, akagwa, komanso tsiku limene wachoka pa wilitcheya n'kuyamba kuyendera ndodo.