Momwe mungadzitetezere kwa akathyali a pa intaneti

Uthenga wa akathyali umadziwika ndi lonjezo lonona komanso phuma. Akuti mwapata mphoto pa mpikisano womwe simunalowe nawo, kapena pali chuma cha masiye choti mugawane, koma muyambe mwatumiza kangachepe ka "msonkho" lero lomwe. Chinyengochi ndi chakale. Chimatchedwa 419 potengera gawo 419 la malamulo a milandu ku Nigeria, ndipo chinkayenda m'makalata a papositi imelo isanafale.

Choyamba, musayankhe. Ngakhale kuwatukwana kumangowatsimikizira kuti nambalayo ili ndi mwini wake. Jambulani uthengawo, muwabuloke.

Linki musaidine. Yang'anitsitsani adiresi yake, chifukwa amangosintha chilembo chimodzi m'dzina la banki kapena kampani. Ngati mtima sukukhazikika, imbani nambala yomwe ili kuseri kwa khadi lanu la kubanki, osati yomwe yabwera mu uthengawo.

Ambiri amagwa pa manambala achinsinsi. Wina amalemba kuti, "Pepani, ndatumiza manambala 6 kwa inu molakwitsa, mundibwezere." Manambala amenewo ndi kiyi wa WhatsApp yanu. Mukangotumiza, akaunti yapita, ndipo ayamba kupempha ndalama kwa abale anu m'dzina lanu. Lowani pa Settings, kenako Account, muyatse two-step verification, chitetezo chowonjezera chomwe mumaikira PIN yanuyanu. Wa kubanki weniweni sakufunsani PIN.

Chibwenzi cha pa Facebook chomwe simunaonane nacho maso, chithunzi chake chifufuzeni pa Google Lens, chida chofufuzira zithunzi pa intaneti, kuti muone ngati si cha munthu wina. Chikangotchula ndalama, za chipatala kaya za bizinesi ya crypto (ndalama za pa intaneti), nkhani ithere pomwepo.

Nanga akulemba mauthengawa ndani? Ena ndi achinyamata ophunzira koma osowa ntchito. Ena ndi akapolo enieni. Mu 2023 ofesi ya United Nations yoona za ufulu wa anthu inati anthu osachepera 120,000 ku Myanmar ndi ena pafupifupi 100,000 ku Cambodia akhoza kukhala akukakamizidwa kubera anzawo pa intaneti. Ambiri anakopeka ndi malonda a ntchito ya pa kompyuta ya malipiro abwino. Atafika analandidwa mapasipoti, kutsekeredwa mu mpanda, ndipo akalephera kubweretsa ndalama zomwe alamulidwa amamenyedwa. Akapolowa ndi omvetsa chisoni ndithu, koma ndalama yomwe mungatumize imapita kwa mabwana awo.

Msampha womwewu ungakole inunso ngati mukusaka ntchito kunja. Funsani dzina la kampani mulifufuze panokha, muone mgwirizano wolembedwa, ndipo mukane kupita kukagwira ntchito pa viza ya alendo okaona malo.

Ngati mwatumiza kale ndalama, imbirani banki kapena kampani ya foni nthawi yomweyo, sinthani mapasiwedi, mukanene kupolisi ndi zithunzi za mauthenga zija. Pakabwera wina woti akuthandizani kubweza ndalamazo mukamulipira kaye, ameneyonso mubulokeni, nthawi zambiri amakhala wa gulu lomwelo.