Momwe mungachepetsere nthawi imene Raspberry Pi imatenga kuti iyake

Kakompyuta ka Raspberry Pi, kamene kanatuluka mu 2012 kuchokera ku Cambridge, n'kofanana kukula ndi khadi ya ku banki. Anthu amakaika m'zinthu zoti zizidziyendera zokha: sikirini yoonetsa mitengo m'sitolo, kamera ya pageti, kachipangizo koyeza madzi m'thanki. Vuto limaoneka magetsi akathima n'kubweranso. Wailesi imalankhula pompo, koma Pi imayamba yadzikoka kaye, ndipo pa nthawi yonseyo kamera sikujambula kanthu. Kwathu kuno kuthima kwa magetsi si nkhani yachilendo, choncho masekondi amenewa ndi oyenera kuwalondola.

Musanakhudze chilichonse, koperani khadi yonse ya SD, imene imasunga mapulogalamu onse a Pi, n'kusunga pambali. Chilembo chimodzi cholakwika m'mafayilo amene tikonze chikhoza kuchititsa kuti Pi isayakenso.

Choyamba, yezani. Ambiri amalumpha pamenepa n'kuyamba kuzimitsa zinthu mwachimbulimbuli chifukwa anamva wina akunena. Tsegulani terminal, malo olembamo malamulo a kompyuta, mulembe:

systemd-analyze

Ikuuzani masekondi amene kernel (mtima wa Linux, dongosolo loyendetsa Pi) yatenga ndi amene mapulogalamu ena onse atenga. Mukalemba systemd-analyze blame muona mndandanda wa ma service, mapulogalamu amene amayamba okha Pi ikamayaka, kuyambira wochedwetsetsa. Koma musaukhulupirire kwambiri mndandandawu, chifukwa ma service ambiri amayamba pa nthawi imodzi, ndipo wina akhoza kukhala pamwamba pomwe palibe amene akumudikira. Lamulo lokuuzani zoona ndi systemd-analyze critical-chain, limene limaonetsa amene akudikira mnzake, ngati anthu a pamzere wa kuchigayo. Wotsekereza mzerewo ndi amene tikumufuna. Dziwaninso kuti pa Pi manambala amenewa sawerengera nthawi ya firmware, pulogalamu imene imadzutsa Pi kernel isanayambe. Ndiye gwiraninso wotchi ya pafoni, kuyambira polowetsa chaja mpaka pulogalamu yanu itayamba ntchito, ndipo lembani nambalayo papepala.

Chachiwiri, ngati chipangizo chanu sichifuna desktop, ikani Raspberry Pi OS Lite, mtundu wa dongosolo la Pi umene ulibe desktop. Kachipangizo ka m'thanki kalibe ntchito ndi mbewa kapena zithunzi za pasikirini.

Chachitatu ndi netiweki, ndipo kawirikawiri mbava ya masekondi imabisala pano. Kuyambira pa Raspberry Pi OS ya Bookworm, imene inatuluka mu 2023, netiweki imayendetsedwa ndi NetworkManager, ndipo pali service imene ntchito yake ndi kungodikira kuti kulumikizana kutheke. Taganizani: magetsi abwera, Pi ndi rauta zayaka limodzi, koma rauta imachedwa. Pi ikhala chiimire kudikira mnzake amene sanadzuke. Ichotseni motere:

sudo systemctl disable NetworkManager-wait-online.service

Netiweki ibwerabe, kungoti palibe amene aziidikira. Apa onaninso fayilo ya service ya pulogalamu yanu. Ngati muli mzere wa After=network-online.target pomwe pulogalamuyo ikhoza kuyamba popanda intaneti, uchotseni, ndipo ikonzeni kuti iziyesanso yokha kulumikiza ikalephera. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Chimene mukufuna n'chakuti pulogalamu yanu iyambe msanga; zina zonse zizimalizika pambuyo, palibe amene akuziona.

Chachinayi, zimitsani zomwe simugwiritsa ntchito, chimodzichimodzi, n'kumayatsanso Pi kuti muone kusintha. ModemManager ndi ya ma modemu a simu khadi; ngati mulibe, ichoke. Bluetooth nayonso, pamodzi ndi hciuart, service yothandiza kuyatsa Bluetooth ya m'kati mwa Pi. Pa avahi-daemon ganizani kaye, chifukwa ndi imene imakulolani kupeza Pi ndi dzina ngati raspberrypi.local, ndipo mukaichotsa muyenera kudziwa IP yake, nambala imene Pi imadziwika nayo pa netiweki. SSH, imene imakulolani kulowa mu Pi kuchokera pa kompyuta ina, isiyeni, pokhapokha ngati mumakonda kukwera makwerero ndi kiyibodi m'manja kukakonza chipangizo chimene munachikhoma kudenga. Service ina ikamadzukabe ngakhale mwaichita disable, ndiye kuti inzake ikuiitana. Lamulo la systemctl mask ndi limene limaitsekeratu.

Chachisanu, mafayilo awiri a firmware. Pa Bookworm ndi zotsatira zake ali mu /boot/firmware/, pomwe pa zakale ali mu /boot/. Mu config.txt ikani disable_splash=1 kuti chithunzi cha utawaleza chimene chimaoneka Pi ikangoyaka chisamaoneke, ndi dtoverlay=disable-bt kuti Bluetooth isayatsidwe n'komwe. Ngati mumalumikiza ndi kebulo, onjezani dtoverlay=disable-wifi. Mizere ya camera_auto_detect ndi display_auto_detect isintheni ikhale 0 ngati mulibe kamera kapena sikirini yolowa pa timawaya tosalala tija. Mu cmdline.txt onjezani mawu akuti quiet kuti kernel isamalembe mauthenga ambirimbiri. Chenjerani: zonse za m'fayilo imeneyi ziyenera kukhala pa mzere umodzi, musadine Enter pakati. Phindu la pano ndi lochepa, musayembekezere zozizwitsa.

Pi 4 ndi Pi 5 zili ndi bootloader, pulogalamu yosungidwa mu kachipangizo ka EEPROM, imene imasaka poyambira motsatira BOOT_ORDER. Nambala yake imawerengedwa kuchokera kumanja: 0xf41 ikutanthauza kuti iyese khadi ya SD, kenako USB, kenako ibwereze. Ngati mumayambira pa SSD ya USB, lembani sudo rpi-eeprom-config --edit n'kusintha kuti ikhale 0xf14.

Khadi nayonso ili ndi mbali yake. Poyaka, Pi imawerenga timafayilo ting'onoting'ono tambirimbiri, ndiye liwiro lalikulu lolembedwa pa paketi silithandiza kwenikweni. Funani khadi yokhala ndi chizindikiro cha A1 kapena A2. Makhadi otchipa a pamsika, amene ena amanama ndi kukula kwake komwe, asiyireni nyimbo. Chaja isakhale yongotola: Pi 4 imafuna 5V 3A, ndipo mphamvu ikachepa imadzichepetsera liwiro. Lamulo la vcgencmd get_throttled likayankha 0x0, zili bwino.

Pali chinanso chimene wotchi sionetsa mukazimitsa mwaulemu. Magetsi akathima mwadzidzidzi Pi ili pakati polemba, poyakanso imayamba yakonza kaye mafayilo, ndipo nthawi zina khadi imawonongekeratu. Mu sudo raspi-config, pansi pa Performance Options, muli Overlay File System, imene imachititsa kuti zolemba zonse zizipita mu RAM, malo osungira zinthu kwakanthawi, osati pa khadi. Iyatseni pomaliza penipeni, chifukwa chilichonse chimene mungasinthe pambuyo pake chimafufutika Pi ikazima.

Ngati mwachita zonsezi koma nambala ya papepala ija sinatsike mokwanira, njira yotsala ndi kusiya Raspberry Pi OS n'kumanga Linux yanuyanu ndi Buildroot kapena Yocto, yokhala ndi kernel yopepuka ndi pulogalamu yanu yokha. Imeneyo ndi ntchito ya masiku, osati ya madzulo amodzi. Musanapite kumeneko, zimitsani Pi ndi rauta pa soketi imodzi, muziyatse limodzi ngati mmene magetsi amabwerera, ndipo muyezenso katatu.