Kwa amene mwangoyamba kunyamula zitsulo kuno ku Johannesburg

Achimwene ndi achemwali amene mwangoyamba kupita ku jimu, minofu imakula nthawi imene mukupuma, osati muli pakati ponyamula. Mukalimbitsa chifuwa Lolemba, chisiyeni mpaka Lachitatu. Masiku atatu pa sabata akukwanirani. Yesetsani kugona maola 7 kapena kuposa, ngakhale ndikudziwa kuti kwa alonda ndi ena ogwira ntchito usiku n'zovuta.

Yambani ndi masewera ogwiritsa ntchito minofu yambiri pakamodzi: ma squat (kunyonyomala n'kudzuka), ma push-up ndi kudzikoka pachitsulo. Chitani ka 8 mpaka 12, mupume, mubwereze katatu. Zikayamba kupepuka, onjezani kulemera pang'ono, makilogalamu 2 okha. Ambiri amalakwitsa pamenepa. Ena amatha miyezi akunyamula chitsulo chomwecho, ena amathamangira cholemera n'kudzipweteka msana. Miyendo musaiiwale.

Nsima imapereka mphamvu, koma payokha siimanga minofu. Thupi limafuna mapuloteni pafupifupi magalamu 1.6 pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwanu, ndiye munthu wa makilogalamu 60 afunika magalamu 96 patsiku. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6. Onjezani nyemba, soya, nkhuku, amasi (mkaka wowawasa) ndi nsomba zam'chitini. Ufa wodula wa mapuloteni uja musawononge nawo marandi poyamba, chakudya wamba chikukwanira.

Ngati mwangofika kumene kuchokera kunyanja kapena ku Nsanje, mudzaona kuti mukupuma mwawefuwefu msanga. Johannesburg ili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,750 kuchokera panyanja yamchere, pamene mpweya umachepa, choncho masabata oyamba pumani motalikirapo musanabwereze, ndipo muzimwa madzi okwanira.